A Ngozo ndi Likodzo Lawo

Loweruka lapitali tinasonkhana ku Springburn, m'fulati ya Kondwani, kukumbukira bambo ake a Ngozo amene anatisiya chaka chatha, nyengo ngati yomwe ino masamba akuyoyoka. Anthu anadzaza mpaka pamasitepe. Aliyense amene anaimirira anali ndi umboni wake. Wina anati anamuchiza kutentha kwa mkodzo, wina anati anasiya kudzukadzuka usiku chifukwa cha iwo. Ine ndinangokhala pakona ndi kapu yanga ya tiyi, mtima ukuwira. Zonse ankanenazo zinali zoona. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula kuti munthu amene ankasamala zikhodzodzo za Amalawi a m'Glasgow muno anafa ndi chikhodzodzo chake chomwe, atabisa matenda mpaka zinthu zitafika posauzana. Panalibenso amene anayang'ana kukhitchini, kumene Tiyanjane, mkazi wa Kondwani, ankatsuka makapu atatipatsa nkhongo.

Ine ndili ndi ufulu wowanena. Anali alamu anga, amuna a malemu akulu anga, ndipo kwathu mlamu ndi munthu amene umamunyoza pamaso iye n'kumaseka. Ankanditcha mkazi wawo wamng'ono, ine ndinkawatcha nkhalamba yosamva. Sindisiya lero chifukwa choti ali m'manda.

Kumudzi anali mlangizi wa zaulimi. Kuno anabwera potsatira akulu anga amene anapeza ntchito ya unamwino, ndipo munthu amene ankalangiza midzi yathunthu anayamba kutsuka masitima. Atapuma pantchito, akulu anga atamwalira, anasamukira kwa Kondwani n'kupeza kadimba pamalo amene khonsolo imabwereketsa anthu, kuseri kwa njanji. Azungu oyandikana nawo ankadzala mbatatesi ndi kabichi. Iwo anamanga kanyumba ka pulasitiki n'kudzalamo chimanga choyera cha kwathu. Chimanga chimenecho sichinakhwimepo ngakhale chaka chimodzi. Dzuwa la kuno ndi laulesi: chinkakula bwinobwino, n'kumasula, n'kubereka, ndevu n'kutuluka, kenako chisanu n'kuchipeza chili chanthete. Chaka ndi chaka ndinkawaseka kuti mlangizi wanji wosakolola. Ankandiyankha kuti chimanga chenichenicho ndi cha anthu anjala, iwo akulimira ndevuzo.

Ndevu za chimangazo ankazidula zikadali zofewa, n'kuziyanika panyuzipepala pafupi ndi hita, n'kuzisunga m'mabotolo otha khofi. Munthu ankatapako pang'ono n'kuwiritsa, n'kumamwa ngati tiyi wopanda shuga. Sankagulitsa, ndipo ukawafunsa mtengo ankakwiya. Odwala awo ambiri tinali ife osamalira okalamba. Ntchito yathu ndi yoti belu likulira uku, likuliranso uko, munthu umasunga mkodzo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo madzi sumwa poopa kuti angakuvute. Mapeto ake pokodza pamaotcha ngati wathira tsabola. Nkhani yotere suuza munthu wamba. Koma a Ngozo sankadikira kuuzidwa. Tikaweruka kutchalitchi ankangokuona mmene ukuyendera, n'kukupatsa moni wa dzanja, iwe n'kuzindikira kuti m'dzanja mwako mwatsala kathumba.

Malangizo awo anali a mlimi. Ankati thupi la munthu ndi ngalande ya mthirira, madzi akaima ndere zimamera, choncho imwa madzi ndipo ukamva kuti afika usawatsekere. Khofi ndi zakumwa za gasi ankadana nazo ngati anayambana nazo kumudzi. Atsikana atsopano pantchito ankawauza kuti bwana amene akukuletsa kupita kuchimbudzi sadzabwera kudzagona nawe kuchipatala. Zimene mwamuna sangauze mkazi, monga za kasamalidwe ka thupi, ankangoti pita kwa mkazi wanga wamng'ono akakuuze, ndipo ankandituma ngati ndili pa malipiro awo.

Padimba loyandikana ndi lawo panali mayi wina wachikulire wa ku India, amene agogo ake anali sing'anga wa mankhwala a makolo a kwawoko. Awiriwa ankakangana pampanda tsiku lathunthu, aliyense akutamanda zakwawo. Mayiyo ankati njere za koliyanda zoviika m'madzi zimaziziritsa moto wa m'thupi. A Ngozo ankati zimenezo ndi zokometsera ndiwo basi. Sabata yotsatira ndinapeza njerezo zili m'kapu yamadzi pawindo la kuchipinda kwawo. Nditawafunsa anati akuziyesa kuti akamutsutse bwino mayiyo, ndipo anaziyesa mpaka imfa yawo. Madzi owiritsa balere nawonso anawatengera kwa nkhalamba ina ya Chisikoti, koma ukawamva akufotokoza ukanati anatulukira okha.

Anali ndi lamulo limodzi losapindika. Munthu akatentha thupi, kapena msana ukamawawa cha m'mbali, kapena akaona magazi mu mkodzo, ndevu za chimanga zathera pomwepo, akwere basi ya kuchipatala. Mayi wina wa mumpingo mwathu, wa ku Easterhouse, anagona masiku akunjenjemera, akumwa ndevuzo ndi kupemphera. A Ngozo atamva anakwera basi mpaka kwawo, n'kukhuthulira ketulo yonse m'sinki mwamuna wake akuona. Mwamunayo anawakalipira kuti alowa bwanji m'khitchini ya eni. Iwo anakhala pampando n'kuvula chipewa, n'kunena kuti sachoka mpaka mayiyo atanyamuka. Madokotala anapeza kuti matenda anali atafika ku impso. Mwamunayo sanawalankhule a Ngozo miyezi ingapo, koma mkazi wake ali moyo, ndipo Loweruka lija mwamuna yemweyo ndi amene analira kwambiri.

Lamulo limeneli linkagwira aliyense kupatula mwini wake, ndipo chifukwa chake chinali ku chigwa cha Bwanje kumene anakulira, m'madambo a mpunga. Ankasimba akuseka kuti anyamata onse a m'mudzi mwawo ankakodza zofiira, ndipo amene mkodzo wake unali woyera ankamunena kuti sanakule. Linali likodzo, matenda a m'madzi oima aja. Anamwa mapiritsi kamodzi ali kusukulu, magazi n'kusiya, nkhani n'kuthera pomwepo. Choncho m'mutu mwawo munali magazi amitundu iwiri. Magazi a anthu ena anali ngozi. Awo anali mnzawo wakale amene wangobwera kudzawaona. Ngakhale pambuyo pake, tsiku limene dokotala anatiuza kuti m'chikhodzodzo muli khansa ndipo yaboola kale khoma, maganizo amenewa sanawachoke. Dokotalayo anawafunsa ngati anasambapo m'madambo a ku Africa, n'kufotokoza kuti mazira a likodzo amatsalira m'chikhodzodzo n'kumachipweteka pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, mpaka pabalapo pamabuka khansa. Ife tonse misozi ili m'maso, a Ngozo anatembenukira kwa ine nkhope ili ngwee.

"Wamva, mkazi wanga? Ndimanena ine kuti ndi likodzo."

Ndikanawamenya ndi chikwama, akanakhala kuti sanali ndi machubu.

Koma ndisathamange. Amene anayamba kuona magaziwo ndi Tiyanjane, ndipo pamenepo m'pamene panali vuto. A Ngozo anali Mngoni wa mwambo, ndipo mpongozi kwa iwo anali munthu woopedwa. Fulati ya ku Springburn ili ndi kanjira kamodzi kopapatiza ndi chimbudzi chimodzi, koma anthu awiriwa anakhalamo zaka osagundana phewa. A Ngozo asanatuluke kuchipinda ankatsokomola, Tiyanjane n'kulowa kukhitchini. Chakudya ankachisiya pakhomo atagwada, nkhope atayang'ana kumbali. Dzina lake sanalitchulepo, ankangoti apongozi, kapena amake Chisomo. Kondwani ankawauza kuti kuno ndi ku Ulaya, zimenezi zinatha, iwo n'kumuyankha kuti ulemu sunawavute kukwera nawo ndege. Musaganize kuti kunali kudana. Nkhwani woyamba wa padimba unkapita kwa Tiyanjane, ndipo kutchalitchi ankamutamanda mpaka amayi ena kuipidwa. Tiyanjane nayenso anakulira momwemo ndipo ankanyadira kuti apongozi ake amamuopa.

Tsono Tiyanjane ndi namwino, ndipo wodi imene amagwira ndi ya abambo odwala njira ya mkodzo. A Ngozo ankatsuka chimbudzi okha nthawi zonse akatulukamo, mankhwala ake kununkha nyumba yonse. Koma maso a nkhalamba amaphonya. Tsiku lina Tiyanjane anabwera kwathu ku Dennistoun molunjika kuchokera kuntchito, n'kukhala pamphepete pa mpando osavula jekete.

"Amayi aang'ono, ndili ndi nkhani, koma pakamwa pangapa sipoyenera kuitchula."

"Kondwani wapalamula chiyani?"

"Si Kondwani. Ndi apongozi." Anayang'ana pansi. "Akutaya magazi akapita kuseri. Ndaona kangapo tsopano. Ena ndi oundana."

"Akumva kupweteka?"

"Chimene chikundiopsa ndi chimenecho. Sakuoneka kuti akumva kupweteka. Magazi osapweteka kwa munthu wamkulu chonchija, kuntchito kwathu sitigona nawo ayi."

Anali atauza kale mwamuna wake. Kondwani ndi mwana wabwino, koma pamaso pa bambo ake amasanduka phala. Anakafunsa mozungulira, bambo ake n'kumuuza kuti ndi likodzo la ku Bwanje, asadere nkhawa, iye n'kubwerako mtima uli m'malo. Ndiye panatsala ine, munthu mmodzi yekha m'Glasgow muno amene akanatha kutchula mkodzo pamaso pa a Ngozo popanda mlandu.

Ndinawapeza padimba akuzula mapesi.

"Alamu, ndamva kuti mukukodza magazi."

Sanadzidzimuke n'komwe. "Mkazi wanga wayamba kundisuzumira kuchimbudzi? Nsanje yakeyo yafika patali."

"Sindikuseka, alamu."

"Iwe ukamati sukuseka m'pamene umasekesa. Gwira mapesiwa."

"Mayi wa ku Easterhouse uja munamukhuthulira ketulo chifukwa chiyani? Lamulo lija si lanu lomwe?"

"Ujatu anabadwira m'tauni, likodzo salidziwa. Ine ndinakula nalo. Nyengo yozizira ikatha lisiya lokha."

Nyengo yozizira inatha, silinasiye. Ndinapita, ndinapitanso, ndinawatukwana mawu amene sindingalembe pano. Ndikakweza mawu iwo ankakweza kuseka, chifukwa chilamu ndi chomwecho, ukatukwana kwambiri ndiye kuti mwagwirizana kwambiri. Ndinalira pamaso pawo, iwo n'kunena kuti ndikuyeserera kulira maliro kuti ndidzalowe chuma. Uku lamba wawo akuboola mabowo atsopano, zikhatho zikuyera, masitepe akukwera mopumira. Ndevu za chimanga ankamwa fulasiki yathunthu patsiku, mpaka botolo lawo linatha n'kuyamba kutapa za anthu. Apa m'pamene ndinaona mmene mwambo wathu unatitcherera. Ine amene ndinkaloledwa kulankhula, mawu anga onse anali nthabwala. Amene mawu ake akanalemera anali woletsedwa kutsegula pakamwa. Ndinkachita mantha, ndipo Tiyanjane ankaonda limodzi ndi apongozi akewo.

Zimene zinachitika kenako sindinazione, anandiuza ndi Kondwani. Masana ena Tiyanjane anabwera kuchokera kuntchito ndipo sanasinthe zovala. Anagogoda kuchipinda kwa a Ngozo, n'kulowa osadikira, ali chiimire, yunifolomu ili m'thupi. Anawayang'ana kumaso, chinthu chimene sanachitepo chikwatiwire. Anaika kabotolo kapulasitiki patebulo.

"Bambo, amene walowa muno ndi namwino. Mukukodza magazi, ndipo si likodzo wamba. Mukodzere m'kabotolomu mawa m'mawa. Ndakubukitsirani kwa dokotala."

A Ngozo anatenga chipewa ndi kachikwama kawo n'kutuluka. Anafika kwathu nkhope ili mbuu, ndipo kwa nthawi yoyamba sananditche mkazi wawo.

"Mlamu, mwana uja wandivula."

Anakhala kwathu sabata yonse osadya kwenikweni. Tsiku la kwa dokotala linadutsa. Anaitanitsa mlandu, ndipo ananenetsa kuti ngati Tiyanjane sabweza mawu ake pamaso pa ankhoswe, iwo abwerera ku Ntcheu kukafera kumene anthu amadziwa ulemu. Anali atayamba kale kufunsa za ndege. Ndinadziwa kuti akakwera ndege imeneyo palibe dokotala amene adzawaone.

Tinakhala Lamlungu madzulo titaweruka kutchalitchi, pabalaza panga, m'nyumba ya pamwamba penipeni. Panali a Gondwe, mkulu wa mpingo amene anaimira ukwati wa anawa kuno, panali Kondwani, panali ine. Tiyanjane anavala chitenje ndi duku, n'kugwada pafupi ndi chitseko, nkhuku yopepesera ili m'mbale patsogolo pake. A Ngozo analankhula nthawi yaitali, maso ali kwa a Gondwe okha. Anati mwanayo anamutenga ngati wobala okha, anamuopa, sanamupondepo ngakhale chithunzithunzi chake, ndiye lero awatchulire za m'kabudula ali chiimire. Thukuta linali chipumi chonse ngakhale m'nyumba munkazizira. Pakati pa mawu ankadzuka kupita kuchimbudzi, n'kubwerako akugwira khoma.

A Gondwe anatembenukira kwa Tiyanjane. "Mayi, mwamva madandaulo a apongozi anu."

"Ndamva, ndipo ndinalakwa," anatero, mawu ali pansipansi. "Ndinalowa posalowa, ndinaima posaima. Ndikupepesa ndi mtima wonse. Andilipitse chilichonse."

"Ndiye mukubweza mawu aja?"

Kondwani anamunong'oneza kuti angovomera nkhani ithe.

"Kalankhulidwe ndikubweza," anatero. "Koma ndikanena kuti ndinanama, ndiwapha ndine. Sindingathe."

A Ngozo anadzuka, ine n'kuganiza kuti akukatenga chikwama chawo. Koma analowanso kuchimbudzi n'kukhoma chitseko. Tinadikira. A Gondwe anayamba kufotokoza za kukhululukirana, koma palibe amene ankamva. Kenako tinamva kubuula, kwa pansipansi, kwa munthu amene akuluma mlomo kuti asamveke. Kondwani anathamanga n'kugogoda.

"Bambo! Bambo, tsegulani!"

"Sizikutuluka," anatero mawu a kuseri kwa chitseko. "Mayo ine, sizikutuluka."

Kondwani anangoima manja ali m'mutu. A Gondwe anayamba kupemphera. Tiyanjane anadzuka n'kulowa m'kanjira, ndipo a Ngozo anazindikira mapazi ake.

"Apongozi asayandikire kuno!"

Munthu akubuula chonchija, mphamvu zokuwira zimenezo anazitenga kuti, sindidziwa. Tiyanjane anaima. Ndinaona nkhope yake ikulimbana. Kenako anagwada pomwepo m'kanjiramo, msana atalozetsa kuchitseko, n'kundikodola.

"Amayi aang'ono, afunseni anakodza bwinobwino liti komaliza."

Ndinayandikira chitseko. "Alamu, munakodza bwinobwino liti komaliza?"

"Uwauze apongozi kuti dzulo. Lero ndi madontho okha."

Tiyanjane anamva yekha, sanali patali, koma ndinabwereza mawu onse ndipo iye anadikira mpaka nditamaliza.

"Afunseni ngati pansi pa mchombo patupa ndi kulimba."

"Alamu, pansi pa mchombo patupa?"

"Uwauze kuti palimba ngati dzungu."

"Afunseni ngati kunatuluka magazi oundana."

"Uwauze kuti eya. Akuluakulu."

"Afunseni anayamba liti kuona magazi."

Ndinafunsa. Ndinafunsanso.

"Uwauze kuti ndi kale."

Zaka zonse zimene ndinawadziwa, tsiku limenelo ndi loyamba limene anandiyankha popanda nthabwala. Tiyanjane anatulutsa foni m'chitenje, mawu ali bwinobwino.

"Auzeni kuti magazi oundana atseka njira, ndipo madzi akubwerera ku impso. Ndevu za chimanga sizingatsegule, kungowonjezera madzi pamene atsekeka kale. Auzeni kuti ndikufuna kuitana ambulansi, ndipo ndikupempha chilolezo chawo."

Ndinanena zonsezo. Ndinaona kuti chala chake chinali kale panambala. Kondwani ankalira ngati mwana.

"Uwauze aitane," anatero a Ngozo. Kenako anawonjezera: "Koma pondinyamula, apongozi akakhale kukhitchini. Sindinavale bwino."

Tiyanjane anaimba foni, anafotokozera a ambulansi zonse m'Chingerezi cha kuntchito kwawo, n'kuuza Kondwani zoti akanene akafika. Atamva mapazi pamasitepe analowa kukhitchini n'kutseka chitseko. A Ngozo anatsitsidwa pampando wonyamulira odwala, atafunda bulangete, chipewa chili pamutu. Podutsa pakhomo la khitchini anatsokomola.

Ndi mmene analiri alamu anga. Ndimawakwiyira ndikakumbukira tsiku limenelo, ndipo ndimawanyadiranso, ndipo ziwirizi sizinasiyanebe mumtima mwangamu.

Kuchipatala anawatsegula njira, n'kuwaunika m'kati, n'kupeza zimene ndanena kale zija. Dokotala sanabise kuti akanabwera msanga nkhani ikanakhala ina. Za ndege sanazitchulenso. Atatuluka anabwerera ku Springburn, ndipo anatuma Kondwani kukagula nkhuku kushopu ya zakudya za kwathu. Anaipereka okha kwa Tiyanjane ndi manja awiri, n'kunena kuti kuyambira tsiku limenelo azidya patebulo limodzi. Kupepesa sanapepese, kuvomera kuti analakwa sanavomere, mpaka kufa ankati madokotala anangotsimikiza zimene iwo ananena. Miyezi yomaliza amene ankawasamala ndi Tiyanjane yemweyo, kuwasambitsa ndi kuwasinthira thumba la mkodzo. Ikafika nthawi imeneyo ankadziphimba kumaso ndi thaulo n'kumalankhula ndi khoma, akumutcha anesi. Akamaliza, thaulo n'kuchotsa, ankakhalanso apongozi. Anakhala ndi moyo chaka ndi miyezi chitulukire m'chipatala. Ndevu za chimanga sanasiye kugawa, koma kathumba sikankalowanso m'dzanja mwakachetechete. Ankayamba akufunsa mtundu wa mkodzo wako mosapsatira mawu, kaya ndiwe mayi wa mvano kaya ndiwe mbusa.

Mawa lake la chikumbutso chija, Lamlungu, tinapita kutchalitchi. Mpingo wathu umapemphera masana m'holo ya tchalitchi china chakale cha Asikoti, ndipo akulu a mpingo amakhala kutsogolo. A Ngozo ankakhala komweko kale, koma chaka china ananyamula mpando wawo n'kukauika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko cha m'mbali. Anati akufuna azilandira ochedwa ndi kuwapatsa mabuku a nyimbo. Tonse tinawatamanda, mpaka abusa anawatchula mu ulaliki kuti ndi chitsanzo cha kudzichepetsa.

Anthu atatuluka ndinapeza Tiyanjane ataima akuyang'ana mpandowo.

"Amayi aang'ono, mukukumbuka anasamukira liti apa?"

Ndinaganiza. Kunali kale ndithu, zaka zingapo iye asanabwere kwathu ndi nkhani ya magazi ija.

"Ine ndinaona mwezi womwewo," anatero. "Ndinkawawerengera akamatuluka pakati pa ulaliki. Abambo a kuwodi kwathu onse amayamba choncho, kusankha mpando wa pakhomo. Ndinadziwa, amayi. Koma ndinali mpongozi."

Ndinangomugwira mkono.

Mpandowo ukadali pomwepo. Ndi wapulasitiki wabuluu, mwendo umodzi waufupi, ndipo pansi pake pakadali kapepala kopinda kamene anatsamiritsira kuti usagwedere. Osesa amauzungulira. Palibe amene amakhalapo, ngakhale holo itadzaza, chifukwa pamalopo pamawomba mphepo yozizira yochokera pansi pa chitseko, ndipo ochedwa amangoima kukhoma opanda buku m'manja. Chitsekocho ndinachitsegula tsiku limenelo n'kusuzumira. Chimatulukira m'kanjira kakafupi, ndipo khomo loyamba kudzanja lamanja ndi chimbudzi cha abambo.